Mapikapu a Dontho Lofiira

9 Malichi

Okondedwa amake Phokoso,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana athu. Ine kuno ndadzuka, kupatula kachifuwa kamene kamandiyendera kukazizira, koma sikanandigonekepo. Kalata yanu ndinalandira kwa adalaiva a basi, ndipo za denga ndamva. Ndalama ndawapatsira adalaiva omwewo. Mugule malata a kuchipinda kwa ana kokha, kwinako kudikire ine. Alamu asagwireko, ngakhale atanena kuti akudziwa kotchipa. Kotchipa kwa achimwene anuwo ndimakudziwa, kumathera m'thumba mwawo.

Mwadandaula kuti sinditumiza mawu pafoni. Chifereni foni yanu, uthenga wanga uliwonse umafikira pafoni ya alamu n'kuyamba wadutsa m'maso mwawo, ndipo pofika madzulo msika wonse umakhala utadziwa chimene ndadya. Bola pepala lomata, ngakhale limachedwa.

Kuntchito zasintha. M'shopu ya magitala muja ndinkasesa ndi kunyamula masipika, tsopano andikweza. Musasangalale, akweza mpando wokha, malipiro ali pomwe paja. Bwana wathu, amene timamutcha Magalasi chifukwa amavala awiri, ena pamphuno ena pachipumi, anandipeza ndikuyesa gitala ya kasitomala nthawi ya nkhomaliro. Ndinati basi ntchito yatha. Iye anangoti, "Zala zimenezo unazitenga kuti?" Ndinamuuza za bandi yathu ija. M'mawa mwake anandipatsa benchi kuchipinda chakumbuyo. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Ntchito yake ndi ya mapikapu. Mukukumbukira tizitsulo tiwiri tija tokhala pansi pa nsambo pagitala yanga? Ndi timeneto. Mkati mwake muli maginito ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, ndipo ndi timene timatola kulira kwa nsambo n'kutumiza ku sipika. Anthu amabwera nawo m'mabokosi a nsapato, ochotsedwa m'magitala akale, opanda dzina, ndiye ife tizinena kuti iyi anapanga ndani, liti, nanga akupangabe kapena anasiya. Magalasi akundiphunzitsa. Umaitembenuza n'kuona chitsulo chapansi, mtundu wa masikuluwu, ndi tepi yokulungira waya ngati ili yansalu kapena yapulasitiki. Kenako umayeza ndi kamita. Pomaliza iye amainunkhiza ngati munthu wogula nsomba. Amene anasiya kupangidwa kalekale ndiwo a mtengo.

Kachipinda kogona n'komwe kaja, ine ndi Telala, mnzanga wosoka zovala uja. Denga likudontha pamwamba pa bedi lake, osati langa, choncho ine ndimamulimbikitsa kupirira. Pali masiku ena amene sitituluka, koma zimenezo ndidzakufotokozerani pamaso.

Mwandiuza kuti kamzime kathu kanaloza chithunzi changa n'kufunsa kuti awa ndi amalume a kuti. Mwina inu munaseka, ine sindinaseke. Ndinachoka mwanayo ali kumsana, lero akuthamanga n'kumafunsa mafunso. Chaka chino chisathe ndisanabwere, ndipo ndikabwera ndabwereratu. Chondisowa ndi poyambira pokha, kuti ndisadzakhale pakhomo manja lende ngati alamu.

Moni kwa Phokoso. Mumuuze kuti za masamu zija ndamva, ndipo sizinandisangalatse.

Ndine mwamuna wanu,
bambo a Phokoso


20 Epulo

Okondedwa amake Phokoso,

Moni kwa inu ndi ana. Ndasangalala kumva kuti malungo a Phokoso anatha ndipo wabwerera kusukulu. Ine ndili bwino, chifuwa chokha ndicho chakana kusamuka. Ndatumiza zocheperapo chifukwa mwini nyumba wakweza lendi, akuti misonkho yakwera. Chilichonse kuno chimakwera, kupatula ife. Muyambe ndi sopo ndi makope, kalipentala wa chitseko adikire.

Chipinda chakumbuyo chija cha kushopu chilibe windo. Mukanachiona mukanakomoka, inu amene mumatsuka ndi khasu lomwe musanabwereke mnansi. Ntchito yake ili ndi mbali ina imene Magalasi sanandiuze poyamba. Pali tiyi amene timaphika koma osamwa, pali botolo la viniga, ndi kabokosi kena kotsekera utsi wa fodya. Musandifunse. Ndimaweruka manja akununkha, ndipo Telala akuti ndimatsokomola ngati injini ya chigayo.

Tsopano mvetserani bwino. Sabata yatha kunabwera kasitomala wamkulu, dokotala wa mano, amene m'shopu timangomuti Wamano. Ali ndi magitala odzaza nyumba, koma kuimba kwake ngakhale Phokoso angamuphunzitse. Za mapikapu zokha ndiye amazidziwa, sindingamunamizire. Anatulutsa kabokosi kofewa mkati, ngati kosungiramo mphete, muli pikapu imodzi yakufa. Anati wakhala akufunafuna awiri amoyo a mtundu umenewo kwa zaka zambiri. Ndi a kafakitale kena kakang'ono kamene kanatsekedwa ine ndisanabadwe. Amayi ndiwo ankakulunga wayayo pamanja, ndipo aliyense akamaliza ankadontheza penti yofiira pachitsulo chapansi n'kulemba chilembo choyamba cha dzina lake ndi pensulo pambali pake. Atatchula mtengo umene angalipire, ndinachita kugwira benchi. Sindiulemba pano.

Amake Phokoso, dontho limenelo ine ndinalionapo. Chaka chija bandi inatha, malemu mkulu wa bandi atandisiyira gitala, waya wina unaduka ndipo ndinaitsegula ndi mpeni pakhonde pa amayi anu. Inu munali mukusita, simungakumbuke. Ndinaona kadontho kofiira, ndinayesa magazi a chala changa, mpaka ndinakapukuta ndi malaya koma osachoka. Pamene Wamano ankalankhula, ine maso anali pabokosi lake koma mtima unali pakhonde paja.

Gitala yeniyeniyo ilibe mtengo. Khosi lake anachita kusema kalipentala litathyoka loyamba, ndipo penti ndinapaka ndekha ya pachitseko. Koma tizitsuloto sindinatisinthepo, ndipo sindikhulupirira kuti malemu anatisintha, munthu amene nsambo yoduka ankachita kuilumikiza ndi mfundo.

Kuno sindinauze aliyense. Inunso musauze munthu, ngakhale amayi anu. Mungondiyankha chinthu chimodzi: kodi gitala ija ikadali pamwamba pa wodulobu, m'thumba lake lija? Ana asaiseweretse, ndipo wobwereka aliyense muzimuuza kuti inawonongeka.

Mundipsompsonere kamzime, ngakhale sakundidziwa.

Wanu,
bambo a Phokoso


2 Juni

Amake Phokoso,

Moni ndikupereka chifukwa kalata siyamba popanda moni, koma mtima wanga suli m'malo. Ngati muli bwino tithokoze. Ine ndikumwa mankhwala a chifuwa a m'golosale, amene amangotsekemera.

Ndiye gitala yanga ili kwa alamu chichokereni ine, akuimbira kwaya, ndipo inu munaona kuti si nkhani yondiuza? Mukuti munaopa kuti ndikwiya. Munaopa zoona. Munthu uja anabwereka njinga yanga n'kuibweza ilibe belu, ilibe keliyala, n'kumati inabadwa choncho. Pitani nokha mukaitenge tsiku lomwe mulandire kalata ino. Akafunsa, muwauze kuti mwini wake walota maloto oipa. Za mapikapu musatchule, chifukwa akangomva kafungo ka ndalama akawagulitsa kwa wokonza mawailesi pamtengo wa botolo limodzi.

Ikabwera, mudzitsekere kuchipinda ana ali kusukulu. Mumasule nsambo zonse. Pikapu iliyonse yagwidwa ndi masikuluwu m'makona. Muwamasule ndi nsonga ya mpeni pang'onopang'ono, ndipo musataye ngakhale imodzi, muwamange pakansalu. Mukainyamula mupeza waya kumbuyo. Musakoke. Mudule ndi sizasi kutali, cha kumene wayayo wathera, kuti atsale wamtali. Kenako mutembenuze, muone ngati dontho lofiira lija likuoneka pa onse awiri, ndipo mundiuze. Muwakulunge m'masokosi, muike m'kachitini, mupereke m'manja mwa adalaiva. Akafunsa muziti ndi zitsulo za makina osokera.

Telala kulibe. Anapita kukagula ulusi Loweruka lina m'mawa, anakumana ndi galimoto ija yogwira anthu opanda mapepala, imene sitiitchula dzina. Makina ake ali pakona pomwe paja, ndipo buluku la munthu likadali pansi pa singano, mwendo umodzi wosoka wina wosasoka. Mwini buluku amabwera kudzakalipira ine, ngati kuti Telala ndamubisa pansi pa bedi. Lendi tsopano yatsala kwa ine ndekha, n'chifukwa chake envelopu yapepuka. Muyambe ndi fizi ya Phokoso. Pasipoti yanga ndapereka kwa Magalasi kuti andikonzere mapepala, akuti ali ndi munthu wake wodziwa makomo. Sindinafune, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndakuuzani zimenezi kuti mudziwe kuti tizitsulo timeneto si masewera. Ndi basi yanga yobwerera kwathu, ndi benchi yanga ya pamsika pomwe ndizidzakonza mawailesi ndi magitala a makwaya, madzulo n'kumagona m'nyumba mwanga ngati munthu. Ndatopa, amake Phokoso. Ndatopa kuyenda mumsewu ndikuyang'ana kumbuyo ngati ndaba nkhuku.

Mundiyankhe ndi basi yomweyi.

Bambo a Phokoso


21 Julayi

Okondedwa amake Phokoso,

Lero ndikulemba ndi mtima wopepuka, ndipo ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ndamva kuti gitala munakalanda, ndiponso kuti alamu sakukulankhulani. Mupumuleko, ndi tchuthi chimenecho.

Mwati mapikapu mwachotsa bwinobwino, koma abwera ulendo wotsatira wa adalaiva chifukwa pali kena koti mumalize. Kena kotani? Za dontho simunayankhenso. Komabe manja anu ndimawadziwa, simugwira chinthu mwachibwana.

Magalasi ndamuuza. Anatsitsa magalasi apachipumi n'kuwasanjika pa enawo, n'kundiyang'ana. "Iweyo? Awiri?" anatero. "Tidzaone akafika." Wamano ndiye atamva anabwera yekha, n'kundigwira chanza koyamba chiyambire kulowa m'shopu muno. Dzanja lake n'lofewa ngati la mwana. Akuti akakhala enieni alipira tsiku lomwelo. Magalasi adulapo zake zapakati, ndipo zotsalazo zikukwanabe ulendo, zida, ndi denga lonse mpaka kukhitchini.

Mwini nyumba ndamuuza kuti Ogasiti akatha ndikutuluka. Makina a Telala ndapereka kwa m'bale wake wina wogulitsa zipatso, amene akuti Telalayo anafika kwawo ndi malaya okha amene anavala. Ine sindifika choncho.

Ndaona tinsapato ta malamba pawindo la shopu ina. Muimike kamzime papepala, mujambule phazi lake ndi pensulo, mutumize pamodzi ndi chitinicho. Phokoso asachite nsanje, ndamuonera jekete. Inu musandifunse, mudzaona.

Ndine wanu amene ali pafupi kubwera,
bambo a Phokoso


18 Ogasiti

Amake Phokoso,

Chitini chafika. Za moyo wanga musafunse.

Mwachita chiyani, mayi inu? Ndinatsegula masokosi pabenchi, Magalasi ali chilili kumbuyo kwanga, n'kutulutsa tinthu tonyezimira ngati masupuni a alendo. Ndinayamba ndaganiza kuti alamu asinthanitsa. Nditatembenuza ndinaona mizera ya waya wotsukira mapoto. Dontho palibe. Chilembo cha pensulo palibe. Dzimbiri la pamasikuluwu mwalipala, tepi yansalu yakale mwaichotsa n'kukulunga yatsopano ya m'golosale, yoongoka bwino ngati bandeji ya kuchipatala. Ndi fungo lomwe mwalipha, akununkha palafini ndi sopo.

Kapepala kanu ndawerenga: "Ndawatsuka kuti musakachite manyazi pamaso pa abwana anu." Manyazi ndachita, amake Phokoso, oposa amene munkawaopawo. Magalasi sanakalipe. Anaseka mpaka kukhala pasipika, n'kuitana ndi wosesa yemwe kuti adzaone. Anati, "Mkazi wako ndi waukhondo. Umuthokoze, watsuka nyumba yathunthu."

Ndinalemba kuti mumasule, mudule, mukulunge. Mawu oti kutsuka munawawerenga pati? Ngati panali pokayikitsa bwanji osafunsa? Safunsa anadya phula. Litsiro limene mwachotsalo ndilo linali umboni wawo. Utsi wa m'mabala monse mmene tinkaimba, thukuta langa, la malemu mkulu wa bandi, ndi la amene anali nawo iye asanawapeze, ndizo zimene anthu a kuno amagula. Inu mwazitsukira m'beseni n'kukataya kuseri kwa nyumba.

Onse atachoka ndinawalumikiza pagitala yoyesera. Ndinkafuna ndipeze kuti afa, kuti ndikwiye kamodzi n'kuiwala. Sanafe. Akulira chimodzimodzi ngati kale, mawu onenepa aja a nyimbo imene tinkatsekera dansi, inu mutaima pafupi ndi khomo kudikira kuti ndikuperekezeni. Ndinaimba mizere iwiri n'kuzimitsa.

Phazi la kamzime ndalandira. Nsapato sindinagule. Kalata ino ilibe ndalama, ndipo za tsiku lobwera musandifunse.

Bambo a Phokoso


14 Seputembala

Amake Phokoso,

Moni kwa inu ndi ana. Kalata yanga ija simunayankhe. Adalaiva abwera chimanjamanja, angondiuza kuti muli bwino ndipo munawafunsa ngati ndikudya. Ndikudya. Anandiuzanso kuti tsiku lomwe munawapatsa chitini, zala zanu zinali zomanga nsanza. Sindinawafunse, anangonena okha.

Wamano anabwera. Anavala magolovesi, anatulutsa galasi lake lokuzira zinthu, anayeza ndi kamita, anatembenuza uku ndi uku. Sanaseke, ndipo pa chimenecho ndimulemekeza.

"Waya ndi yemweyo," anatero. "Maginito ndi omwewo. Kakulungidwe ndi kapamanja. Mwina ndi enieni."

Ndinati, "Bwana, tangomverani kulira kwake."

"Ndikanafuna kulira ndikanagula atsopano pakona apo," anayankha. "Mapikapu okopera a masiku ano amalira bwino, waya ndi maginito owapangawo amawapeza. Ine ndikamagula chinthu ndimaganiza za tsiku lodzachigulitsa. Wodzagula kwa ine ndidzamuonetsa chiyani? Mawu a mkazi wako?"

Anavula magolovesi n'kutuluka. Chanza chija sichinabwerenso.

Magalasi anadikira kuti galimoto inyamuke, kenako anati agula iyeyo, pamtengo wa okopera, pondimvera chisoni. Ndinamuuza kuti ndikayesa kwina. "Pita," anatero, akupukuta magalasi ake ndi malaya. "Munthu wopanda mapepala, wanyamula mapikapu a mtengo wa galimoto m'sokosi. Akakufunsa kuti waba kuti, udzanditchule, ndidzaone ngati ndikukukumbukira." Nditafunsa za pasipoti anati ikadali kwa munthu wake.

Ndinapitabe, tsiku langa lopuma. Shopu yoyamba anangoona kunyezimira n'kundibwezera, osayeza n'komwe. Yachiwiri anayeza, anandiyang'ana kuyambira kunsapato, anafunsa chiphaso, dzanja lina likupita pafoni. Ndinati ndaiwala kanthu panja. Sindinathamange, koma sindinganene kuti ndinayenda.

Chipinda chija mwini nyumba anali atalonjeza kale anthu ena, poti ndinadzitama ndekha kuti ndikupita kwathu. Tsopano ndikugona kuchipinda chakumbuyo kwa shopu, pakati pa masipika akufa. Magalasi akuti ndi chifundo, koma chifundocho akuchidula pamalipiro. Kwa eni kulibe mkuwe.

Ndagulitsa, amake Phokoso. Ndalama zake ndi zimene zili mu envelopuyi, zonse. Sizikwana basi ndi zida, ndiye mumalizire denga mpaka pomwe zithere. Gitala yanga ndi imeneyo, muziimva mvula ikamagwa.

M'kalata yapita ija munali mawu ena olemera. Sindikuwabweza, koma sindiwabwerezanso. Mundilembere, ngakhale mzera umodzi wonditukwana.

Bambo a Phokoso


23 Novembala

Okondedwa amake Phokoso,

Ndikhulupirira muli bwino ndi ana. Ine ndinagonako masabata apitawa, n'chifukwa chake ndinakhala chete, koma tsopano ndadzuka. Kuchipatala sindinapite, amafunsa zambiri pakhomo.

Kalata yanu inafika. Munalemba kuti: "Munandiuza kuti ndione dontho. Ine ndinaona litsiro lokhalokha lakuda ndi mazira a mphemvu. Ndinati nditsuke kuti dontho lanulo lioneke. Nditaona kufiira pawaya wotsukira ndinadziwa kuti chalakwika, koma ndinaopa kunena. Mukanandiuza kuti kumeneko amagula litsiro, ndikanakuseserani la m'nyumba monse." Ndawerenga kangapo.

Ndikuuzeni tsono za tiyi wosamwa uja. Ntchito yanga kuno ndi kukalambitsa zinthu. Magalasi amagula mapikapu atsopano okopera, ine ndimawaviika, kuwafukiza ndi kuwachititsa dzimbiri mpaka aoneke ngati anaimba agogo athu asanakwatire. Ndi zimene ana anu akhala akudya chaka chino.

Mwezi watha anandiikira pabenchi athu omwe aja. "Bwezera zimene mkazi wako anachotsa," anatero, "ndipo usafulumire." Ndinamasula tepi yanu yoongoka ija n'kukulunga yansalu yochokera pa pikapu ina yakufa. Mizera ya waya wanu ndinaisalaza. Masikuluwu ndinawatsekera m'botolo la viniga, chitsulo ndinachipaka tiyi, ndinafukiza, ndinawaza fumbi la m'sipika yakale. Dontho ndinadontheza ndi kamtengo ka machesi, pomwe ndinkalikumbukira. Chilembo cha mayi uja anakulunga waya ndinali nditachiiwala, ndiye ndinalemba cha dzina lanu. Nanunso munagwirapo ntchito.

Wamano anabwera ataitanidwa. Sanawazindikire. Anayeza, anayang'ana ndi galasi, kenako ananunkhiza atatsinzina, n'kunena kuti, "Fungo ili palibe angalipange." Atafunsa kumene achokera, Magalasi anati wagula kwa mkazi wamasiye wa woimba wina wakutali. Ndiye dziwani, amake Phokoso, kuti kuno ndinu mkazi wamasiye. Analipira mtengo womwe uja anatchula poyamba, wonse, kwa Magalasi. Ine ndinanyamula kabokosiko kukaika m'galimoto.

Chimene chikundidya n'chakuti sitinamunamize. M'zinthu zonse zotuluka pabenchi panga, zenizeni zinali zimenezi zokha.

Magalasi wandiwonjezera pang'ono, zokwana buledi. Akuti manja ngati angawa sangawalole kupita, ndipo wabweretsa bokosi lina la okopera kuti ndiwaikire madontho ofiira. Munthu wake wa mapepala uja akuti wasamuka, akumufunafuna.

Chikhokhombe cha gitala muwapatse alamu, aikemo mapikapu awo atsopano azikaimbira kwaya, ndipo muyanjane nawo chifukwa mudzawafuna. Nsapato ndatumiza, ndagula zokulirapo poti phazi lija linajambulidwa kale. Jekete la Phokoso lidikire.

Adalaiva akuti tsiku lililonse la basi mumamusambitsa mwana uja n'kumuveka diresi, ndipo amaima pamsewu kuyang'ana mwamuna aliyense wotsika. Akuti tsiku lina mwanayo anatsatira bambo wina wovala chipewa mpaka pagolosale. Muleke kumutumiza kumsewu, amake Phokoso. Mumuuze kuti m'basimo abambo ake mulibe.

Ndine ndemwe,
bambo a Phokoso